Malire a Kutapa Mpamba kwa Wopuma pa Ntchito Msanga ku Chongwe

Boma la Chongwe, limene likulu lake lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kum'mawa kwa Lusaka m'mbali mwa msewu wa Great East, limalandira anthu ambiri amene asiya ntchito mumzinda n'kukafuna malo omangapo nyumba, olimapo chimanga ndi owetapo nkhuku. Ena mwa iwo ndi aphunzitsi, asilikali ndi ogwira ntchito m'maofesi amene anasankha okha kupuma asanafike zaka 60, pamene ena anachotsedwa ntchito makampani atachepetsa antchito, monga zinachitikira anthu ambiri m'zaka za m'ma 1990, pamene makampani a boma ankagulitsidwa kapena kutsekedwa. Onsewa amakumana ndi funso limodzi, lakuti munthu angatape ndalama zingati chaka chilichonse pa zimene anasunga popanda kuzitha iye akadali moyo. Ndalama zosungidwazo ndizo zikutchedwa mpamba m'nkhani ino, ndipo yankho la funsolo ku Zambia limadalira kwambiri kukwera kwa mitengo kuposa kukula kwa chiwongoladzanja chimene banki kapena boma lalonjeza.

Lamulo lodziwika kwambiri pa nkhaniyi linachokera ku America mu 1994, pamene mlangizi wa zachuma William Bengen anafufuza mmene masheya ndi ngongole za boma la dzikolo zinayendera kuyambira mu 1926. Iye anapeza kuti munthu amene waika theka kapena kuposerapo la mpamba wake m'masheya, n'kuika zotsalazo m'mabondi, amene ndi zikalata za ngongole za boma, akanatha kutapa 4 peresenti m'chaka choyamba, kenako n'kumawonjezera ndalamazo chaka ndi chaka molingana ndi kukwera kwa mitengo, ndipo mpambawo ukanamufikitsa zaka 30 ngakhale akanapuma m'nyengo yoipitsitsa. Aphunzitsi atatu a pa Trinity University anapeza zofanana ndi zimenezi mu 1998. Tanthauzo lake ndi lakuti wopuma amafunika mpamba wokwana kuchulukitsa ka 25 ndalama zimene amagwiritsa ntchito pa chaka, kotero kuti banja lodya K5,000 pa mwezi, imene ndi K60,000 pa chaka, lingafunike K1,500,000.

Lamuloli ndi lothandiza poyambira kuganiza, koma si lamulo la dziko lililonse, ndipo kulitenga monga lilili n'kulibweretsa ku Chongwe kungasocheretse anthu. Linawerengeredwa zaka 30 zokha, pamene munthu wopuma ali ndi zaka 45 kapena 50 angakhale ndi moyo zaka 40, ndipo n'chifukwa chake ofufuza ambiri amatsitsa malirewo kufika pa 3 kapena 3.5 peresenti kwa opuma msanga. Linachokeranso pa mbiri ya dziko limene chuma chake chinayenda bwino kuposa cha mayiko ambiri, ndipo mu 2010 Wade Pfau, atayesa lamulo lomwelo pa mayiko 17 olemera, anapeza kuti m'mayiko ambiri mwa amenewo 4 peresenti ikanatha mpamba nthawi isanakwane. Choopsa chachikulu ndi kutsatana kwa zaka: zaka zoipa zikabwera kumayambiriro kwa kupuma, munthu amakakamizika kudya mpamba pamene mtengo wake wagwa, ndipo zaka zabwino zikadzabwera zimapeza wotsalawo ndi wochepa moti sungathenso kuchira.

Kukwera kwa mitengo kumatanthauza kuchepa kwa zinthu zimene kwacha imodzi ingagule, ndipo ku Zambia kumayezedwa mwezi uliwonse ndi bungwe la Zambia Statistics Agency, limene limayerekezera mitengo ya ufa, mafuta ophikira, lendi, thiransipoti ndi zina ndi mitengo ya mwezi womwewo chaka chatha. Bank of Zambia imafuna kuti mitengo izikwera pakati pa 6 ndi 8 peresenti pa chaka, koma mbiri ya dzikoli yakhala yosiyana ndi cholinga chimenechi nthawi zambiri. Mu 1993 mitengo inakwera kuposa 180 peresenti, ndipo anthu amene anasonkha kwa zaka zambiri ku Zambia National Provident Fund, thumba limene linakhazikitsidwa mu 1966, analandira ndalama zimene sizikanawasunga ngakhale kwa nthawi yochepa. Mu 2015 kwacha inagwa kwambiri mtengo wa kopa utatsika, ndipo mu February 2016 mitengo inali ikukwera pafupifupi 23 peresenti. Pakati pa 2021 inadutsa 24 peresenti, kumapeto kwa 2022 inatsika kufika pansi pang'ono pa 10 peresenti, ndipo kumapeto kwa 2024, chaka cha chilala chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse, inakweranso kudutsa 16 peresenti. Mitengo ikamakwera 7 peresenti pa chaka imawirikiza kawiri m'zaka pafupifupi 10, koma ikamakwera 15 peresenti imawirikiza m'zaka 5 zokha.

Mayiko ena anakonza chida cholimbana ndi vuto limeneli, chimene ndi bondi yotetezedwa ku kukwera kwa mitengo. Bondi ndi chikalata chimene boma limapereka kwa amene walibwereka ndalama, cholonjeza kumulipira chiwongoladzanja pa nthawi zoikika ndi kumubwezera mpamba wake tsiku lomwe agwirizana likadzafika. Pa bondi wamba mpambawo susintha, kotero kuti wobwereketsa K100,000 amadzalandira K100,000 yomweyo ngakhale patapita zaka 15, pamene pa bondi yotetezedwa mpambawo umakwezedwa molingana ndi mitengo, ndipo chiwongoladzanja chimawerengedwa pa mpamba wokwezedwawo. Chiwongoladzanja cha bondi yotere chimaoneka chochepa, mwina 2 peresenti, koma chimakhala phindu lenileni lopitirira kukwera kwa mitengo. Dziko la Britain linayamba kugulitsa mabondi otere mu 1981, America inayamba mu 1997 ndi mabondi otchedwa TIPS, ndipo South Africa inayamba mu 2000.

Zikalata zimene boma la Zambia limagulitsa nthawi zonse kudzera ku Bank of Zambia ndi za mtundu wamba, za chiwongoladzanja chokhazikika. Pali za nthawi yochepa, zotchedwa Treasury bills, za masiku 91, 182, 273 ndi 364, zimene munthu amagula pa mtengo wotsika n'kudzalandira mtengo wathunthu pamapeto, ndipo pali mabondi a zaka 2, 3, 5, 7, 10 ndi 15, amene amalipira chiwongoladzanja kawiri pa chaka. Malonda ake amachitika mopikisana mitengo pa masiku olengezedwa pasadakhale, koma munthu wamba saumirizidwa kupikisana ndi mabanki, chifukwa amaloledwa kulowa ndi ndalama zoyambira pa K1,000 n'kulandira mtengo umene watuluka pa malondawo. Amafunika akaunti ya ku banki, nambala ya msonkho yochokera ku Zambia Revenue Authority ndi kulembetsa dzina lake m'kaundula wa zikalata za boma, zimene banki yake ingamuthandize kuchita. Msonkho umadulidwa pa chiwongoladzanja mwini wake asanachilandire, ndipo kwa zaka zambiri unali 15 peresenti, ngakhale kuti Nyumba ya Malamulo imatha kuusintha pa bajeti iliyonse.

Apa ndi pamene opuma ambiri amalakwitsa, ndipo kulakwitsa kwake n'komveka, chifukwa chiwongoladzanja cha mabondi a ku Zambia chakhala chikudutsa 20 peresenti m'zaka zina, zimene zimachititsa munthu kuganiza kuti angamadye chiwongoladzanja chokha mpamba osaukhudza. Mwachitsanzo, munthu amene waika K500,000 pa bondi ya 20 peresenti amapeza K100,000 pa chaka, ndipo msonkho wa 15 peresenti ukachotsedwa amatsala ndi K85,000. Ngati m'chaka chimenecho mitengo yakwera 15 peresenti, ayenera kubwezera K75,000 ku mpamba kuti mpambawo uzigulabe zimene unkagula, kotero kuti phindu lake lenileni ndi K10,000 yokha, imene ndi 2 peresenti. Akamadya K85,000 yonse chaka ndi chaka mitengo ikukwera chimodzimodzi, pakutha kwa zaka 10 adzalandira K500,000 yake yathunthu pa pepala, koma idzagula zinthu zimene pafupifupi K125,000 inkagula pachiyambi. Mpamba wotere umatha mwakachetechete ngati chimanga chimene anankafumbwe alowa m'nkhokwe, ndipo mwini wake amazindikira pamene mphamvu zobwerera ku ntchito zatha kale. Zinthu zimatha kuyendanso mokomera wogula, chifukwa amene wagula bondi yaitali chiwongoladzanja chili pamwamba, mitengo n'kudzakhazikika pa 7 peresenti, amapindula kwambiri. Komabe palibe amene amadziwiratu mbali imene mitengo idzalowere m'zaka 15.

Ngongole ya boma ilinso ndi chiopsezo chake. Mu November 2020 Zambia inalephera kulipira chiwongoladzanja pa ngongole yake ya kunja, ndipo ngakhale kuti mabondi a m'kwacha sanalowetsedwe m'zokambirana zosintha ngongoleyo ndipo anapitiriza kulipidwa, ku Ghana zinthu zinayenda mosiyana mu 2022 ndi 2023, pamene eni mabondi a m'dzikomo anapemphedwa kusinthanitsa zikalata zawo ndi zina za phindu lochepa, mpaka okalamba opuma pa ntchito anakachita zionetsero ku unduna wa zachuma ku Accra.

Chinthu chimene chimayandikira kwambiri bondi yotetezedwa kwa wantchito wa ku Zambia ndi penshoni ya National Pension Scheme Authority, kapena kuti NAPSA, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1996 n'kuyamba kugwira ntchito mu February 2000 m'malo mwa thumba lakale lija. Wantchito amasonkha 5 peresenti ya malipiro ake ndipo womulemba ntchito amawonjezera 5 peresenti ina, ndipo amene wasonkha miyezi 180, imene ndi zaka 15, amayenera kulandira penshoni ya mwezi ndi mwezi kwa moyo wake wonse, pamene amene sanakwanitse miyeziyo amapatsidwa ndalama kamodzi kokha. Ubwino waukulu wa penshoni imeneyi ndi wakuti imakwezedwa chaka chilichonse molingana ndi mmene malipiro a antchito m'dziko akwerera, ndipo ngakhale kuti malipiro sathamanga nthawi zonse mofanana ndi mitengo, kukwezedwa kumeneku n'chitetezo chimene bondi wamba ilibe. Malamulo atasinthidwa mu 2015, zaka zopumira zinakhala 55 kwa wopuma msanga, 60 kwa wopuma pa nthawi yake ndi 65 kwa wopuma mochedwa, ndipo wotenga penshoni nthawi yake isanakwane amalandira yocheperapo.

Mu April 2023 lamulo linalola membala amene wasonkha miyezi 60, kapena amene wafika zaka 45, kutapa kamodzi 20 peresenti ya zosonkha zake asanapume. Anthu ambiri anathandizika nalo pomaliza nyumba ndi polipira sukulu za ana, ndipo palibe chifukwa chowanyozera, koma kutapa kumeneku kumachepetsa penshoni ya m'tsogolo, kutanthauza kuti munthu amasinthanitsa ndalama zotetezedwa ndi ndalama zimene mitengo ingadye. Wosiya ntchito atasonkha miyezi 170 amataya zambiri kuposa mmene amaganizira, ndipo amachita bwino kufunsa ku NAPSA njira yokwaniritsira miyezi yotsalayo asanasaine kalata yosiyira ntchito. Ogwira ntchito m'boma ndi m'makhonsolo amene analembedwa chaka cha 2000 chisanafike ali pansi pa Public Service Pensions Fund ndi Local Authorities Superannuation Fund, ndipo malamulo oyendetsera dziko monga anasinthidwira mu 2016 amanena kuti wopuma amene sanalipidwe ndalama zake pa tsiku lomaliza la ntchito apitirize kulandira malipiro mpaka atalipidwa.

Zaka za pakati pa tsiku losiya ntchito ndi tsiku loyamba kulandira penshoni ndi zimene mpamba uyenera kunyamula wokha, ndipo njira yanzeru yozikonzera ndi kugula zikalata zotha pa nthawi zosiyanasiyana, zina chaka chino, zina pakatha zaka 2, zina pakatha zaka 5, kuti chaka chilichonse pakhale ndalama zobwerera zimene zingaikidwenso pa chiwongoladzanja chatsopano ngati mitengo yakwera. Mbali ina ya mpamba imayenera kukhala m'zinthu zimene mtengo wake umakwera pamodzi ndi mitengo ina, monga masheya a pa Lusaka Securities Exchange, msika umene unatsegulidwa mu 1994, kapena nyumba ya lendi, imene m'madera oyandikana ndi Chalimbana University, Silverest ndi bwalo la ndege la Kenneth Kaunda imapeza alendi mosavuta kusiyana ndi kumidzi. Mabungwe osonkhanitsa ndalama za anthu kuti akaziike m'malonda amayenera kukhala ndi chilolezo cha Securities and Exchange Commission, pamene mapenshoni a makampani amayang'aniridwa ndi Pensions and Insurance Authority, ndipo aliyense wolonjeza phindu la 30 peresenti pa mwezi alibe malonda oona amene angabale ndalama zotero. Chilimba ndi mabanki a m'mudzi amathandiza pa zosowa za miyezi yochepa, koma sangasenze mpamba wa zaka 30.

Munda nawo uli ndi malo ake m'chiwerengero chimenechi, chifukwa banja lokolola chimanga chake silikhudzidwa kwambiri ufa ukakwera mtengo, komabe chilala cha 2024 chinaonetsa kuti chaka chimene munda walephera ndi chomwecho chimene mitengo imakwera, magetsi amasowa ndipo mtsinje wa Chongwe umaphwa. Malo ambiri m'derali ndi a makolo, ali m'manja mwa mfumu yaikulu ya Asoli, Nkomeshya Mukamambo II, ndipo lamulo la malo la 1995 limafuna chilolezo cha mfumu ndi cha khonsolo kuti malo otere asinthidwe kukhala a chikalata cha zaka 99, kotero kuti wogula malo kwa munthu wamba popanda kutsata njira imeneyi amaika mpamba wake pa chinthu chimene sangachigulitse mosavuta tsiku la matenda. Poona zonsezi, wopuma msanga wa ku Chongwe amakhala pabwino akayamba ndi kutapa pafupifupi 3 peresenti ya mpamba wake, zimene kwa banja lija la K60,000 pa chaka zikutanthauza mpamba wa K2,000,000, n'kumawerengeranso kumayambiriro kwa chaka chilichonse pochotsa msonkho ndi kukwera kwa mitengo pa chiwongoladzanja chimene walandira, ndipo m'chaka chimene chotsalacho chachepa amayenera kuchedwetsa zomanga ndi zogula zazikulu mpaka malonda otsatira a mabondi atamuonetsa mtengo watsopano.