Si ombwe aliyense amene amapha nankafumbwe

Nyemba zikangolowa m'nyumba ku Lobi, ife oona za tizilombo ta mbewu timalandira funso lomwelomwelo: "Alangizi, kodi ombwe amaphadi anankafumbwe, kapena ndi nkhambakamwa chabe?" Ine ndimayankha kuti amapha, koma si aliyense.

Nankafumbwe wofala kumalo ozizira ngati Dedza sadikira thumba. Amaikira mazira makoko akuuma kumunda, kamphutsi n'kuboola nyemba, n'kumadyera m'kati. Kabowo kozungulira kamene mumakaona ndi khomo lotulukira, mwini wake adakhuta kale. N'chifukwa chake ufa wa masamba, ngakhale ukhale waukali chotani, supulumutsa nyemba zimene zidagonera kumunda. Umagwira oyenda kunja okha. Kololani msanga, yanikani mpaka nyemba izilira "khe!" mukailuma, musankhe zofumbwa, kenako muganize za mankhwala.

Masamba a ombwe, amene ena amati mthuthu, ali ndi ululu wa gulu la rotenone, womwe uja umaledzeretsa nsomba padziwe. Koma mu 2012 ofufuza a ku Kew ndi University of Greenwich, pamodzi ndi anzawo a ku Malawi, adapeza kuti pa ombwe amene adatola m'dziko muno, pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse alibe ululuwo. Poyang'ana masamba simungasiyanitse, ngakhale ine sindingathe. Ndiye mlimi akati ombwe adamugwiritsa mwala, sindimutsutsa. Mwina adathyola wozizirayo, kapena adayanika masamba padzuwa, lomwe limapha mphamvu yake. Ombwe amayanikidwa pamthunzi.

Kuyesa sikufuna makina. Tengani mabotolo awiri, muikemo nyemba zodzaza dzanja ndi anankafumbwe amoyo. M'botolo limodzi muthiremo ufa wa ombwe wanu, onse awiri muwamange kansalu kukamwa. Pakapita masiku angapo, khuthulirani palichero muwerenge akufa. Ngati palibe kusiyana, chitsambacho chisiyeni chizikonza nthaka, mukapemphe mbewu kwa mnzanu amene ombwe wake amagwira.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi mawu akuti "zachilengedwe sizipweteka". Chopha nsomba si ndiwo. Posinja mangani nsalu kumphuno, ana atalikire, mtondowo usakhale wosinjira nsinjiro, ndipo musakautsukire kumtsinje. Nyemba zothira ombwe muzitsuke bwino musanaziteleke pamoto.