"Uziba kuti ndine ndani?" Funso lomwe likutidya ulemu

Ngati mumayenda m'ma club a mu Lusaka pa Friday usiku, funso ili munalimvapo kale. Ine ndinalimvanso mwezi watha pa geti ya malo ena komwe ndinapita kukaonera show. Mlonda, mdala wa imvi, anauza mwamuna wina wa motoka yaikulu yakuda kuti asaimike pakhomo chifukwa atseka njira. Ndiye mlandu wonse umenewo. Bwana anaseluka ndi ukali: "Iwe, uziba kuti ndine ndani? Nizakuchosesa nchito lelo lamene!" Anamuvula chisote mdala uja n'kuchiponya m'matope.

Mdala anatola chisote, anachipukuta pa buluku, nati: "Pepani, bwana." Ife tonse pamzere tinangoti zii. Ena anatulutsa mafoni kujambula. Ine, ndi press card yanga m'thumba, sindinakambe kanthu, poopa kuti mwina bwana uja ndi mnzake wa promoter ndipo andibweza pa geti. Mpaka lelo zimandichititsa manyazi.

Mwina mufunsa: mdala anapepesa chani, pakuti sanalakwe? Yankho mulidziwa. Landilodi ku komboni samvera nkhani ya ulemu, afuna chabe renti yake pa 30. Ana afuna mabuku, mbaula ifuna malasha. Bwana adziwa zimenezi, ndipo ndi pamene pagona mphamvu yake. Mdala anaopa njala, osati motoka yakuda.

Koma musafulumire kuloza chala apamwamba a ku Kabulonga ndi Ibex Hill okha. Tiyeni tiyang'ane m'nyumba zathu za ku Matero, Chawama, Kanyama ndi Mtendere. Kalaliki amene wakalipiridwa ndi manijala masana, madzulo akalipira kondakita pa Kulima Tower chifukwa cha chenji ya K1. Akafika kunyumba, mkwiyo wotsala autulira pa kamtsikana komwe anakatenga kumudzi ndi lonjezo la sukulu. Kamtsikanako kali ndi kapu yake ndi mbale yake pambali, kamagona pansi m'khichini, kamadya onse akatha. Mayi wanchito wa msinkhu wa amayi anu mumuitana "iwe", ndipo ana anu aphunzira kumuitana chimodzimodzi. Mu bar, waitress mumuitana ndi "pssst" monga pusi. Aliyense afuna wina woti amupondeko.

Tonse tikumbukira mmene ma cadre anali kuvutitsira azimayi ogulitsa m'misika ndi madalaivala m'ma station, kutenga ndalama mwa mphamvu chifukwa chabe cha chovala cha chipani. Pambuyo pa masankho a August 2021, President Hakainde Hichilema analengeza kuti ma cadre achoke m'misika ndi m'ma station. Anthu anasangalala. Koma ucadre wa mumtima, uja woti "ndili ndi kampando, ndiye uzanimva", sungachotsedwe ndi chilengezo cha ku State House.

Manje mvetserani, chifukwa lamulo lili ku mbali ya mdala uja. Constitution ya Zambia, monga inakonzedwera mu 2016, pa Article 8 imatchula ulemu wa munthu, kulingana ndi kusasankhana pakati pa mfundo zomwe dziko laimapo. Article 15 imaletsa kuzunza munthu kapena kumuchita zinthu zomunyazitsa. Palibe pomwe inalemba kuti "kupatulako alonda ndi ma maid".

Pa nkhani ya nchito, Employment Code Act ya 2019 imati bwana sangakuchotseni popanda chifukwa chomveka. Ndipo kuyambira January 2024, boma linakweza malipiro otsikitsitsa a wanchito wa m'nyumba kuchoka pa K993.60 kufika pa K1,300 pamwezi. Ngati mumapatsa maid wanu K600 ndi zovala zakutha n'kumati "ndimuthandiza", dziwani kuti mukuphwanya lamulo.

Nanga zikakuchitikirani imwe? Munthu akakumenyani, kaya ndi bwana, madamu kapena honourable, ndi mlandu wa ku polisi. Pitani msanga, tengani medical report, sungani manambala a anthu omwe anaona. Za malipiro ndi kuchotsedwa nchito mwachinyengo, pitani ku Labour Office ya m'boma lanu, ndipo muzilemba masiku omwe mwasewenza ndi ndalama zomwe mwalandira. Ngati wokuzunzani ndi wapolisi, kuli Police Public Complaints Commission. Kulinso Human Rights Commission, ndi Legal Aid Board ya anthu omwe sangakwanitse kulipira loya. Zoona, m'maofesi mumachedwa, ndipo nthawi zina mudzayenda maulendo angapo. Koma bwana wozunza amadalira chinthu chimodzi: kuti simudzapita konse.

Ndipo imwe oonerera, monga ine usiku uja, tisamathere pa kujambula. Vidiyo yoika pa Facebook kuti anthu aseke imangoonjezera manyazi kwa wozunzidwa. Mupatseni mwini wake ikhale umboni. Liwu limodzi chabe, "Bwana, mwalakwa, ni bakulu aba", limalimbitsa ena pamzere. Akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tinavina "Common Man" ya P.K. Chishala m'maukwati ndi m'ma kitchen party zaka zonsezi, koma common man weniweni akaima pa geti timamudutsa monga chipupa.

Sabata yatha ndinabwerera ku malo aja. Mdala ndinamupeza, ndi chisote chomwe chija. Ndinamupatsa moni, ndinapepesa kuti ndinakhala chete, ndipo ndinafunsa dzina lake. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaseka: "Mwana wanga, ndimwe oyamba kunifunsa zina pano."

Pa Monday mukamalowa pa geti ya kunchito, pali munthu amene azakutsegulirani. Kodi dzina lake mulidziwa?