Chitsulo chimafulumizitsa, koma mphamvu sichipereka

Mpweya wa carbon dioxide, umene umatuluka tikawotcha makala, petulo kapena malasha, ndi wouma mutu. Mungausakanize ndi hydrogen m'botolo lotseka, zaka n'kupita popanda chosintha. Mu 1902, Paul Sabatier ndi Jean-Baptiste Senderens a ku France anaonetsa kuti mipweya iwiriyi ikadutsa pa ufa wotentha wa chitsulo cha nickel, pamatuluka gasi wa methane ndi madzi. Chitsulocho sichitha ayi. Chimangogwira tizigawo ta mipweyayo, n'kumasula mfundo zake kuti tilumikizane mwatsopano, kenako n'kutisiya tipite.

Akatswiri amalimbana kwambiri ndi liwiro la kusinthaku. Moto ukachepa, ntchito imayenda mokwawa. Ukachuluka, imathamanga, koma methane amachepa ndipo m'malo mwake pamabwera mpweya wakupha wa carbon monoxide. Choipiraipira n'chakuti kusinthako pakokha kumatulutsa kutentha, ndiye thanki ikapanda kuziziritsidwa, timibulu ta nickel timamatana, malo ogwirira mpweya n'kuchepa. N'chifukwa chake ambiri amasunga kutentha pakati pa madigiri 300 ndi 400. Sulufule naye, ngakhale wochepetsetsa, amapha nickel. Opanga methanol kuchokera ku mipweya yomweyi amagwiritsa ntchito kopa wosakaniza ndi zinki, ndipo kwa iwo mdani ndi madzi omwe amatuluka m'ntchitoyo, chifukwa amakalambitsa chitsulo msanga.

Ena amati lusoli ndilo mankhwala a kusintha kwa nyengo. Akuiwala kuti chitsulo chimangofupikitsa njira. Kagawo kamodzi ka carbon dioxide kamafuna tizigawo tinayi ta hydrogen kuti kasanduke methane, ndipo hydrogen woyera amapezeka pogawa madzi ndi magetsi ochuluka kuposa mphamvu imene gasiyo adzabweze. Magetsiwo akachokera ku malasha, utsi wangowonjezeka. Komabe amene amati zonsezi n'zachabe nawonso akulakwitsa. Pa International Space Station, pomwe dontho la madzi ndi lodula koopsa, makina a Sabatier anayamba mu 2010 kupanga madzi kuchokera ku mpweya wopumidwa ndi anthu. Ku Svartsengi, m'dziko la Iceland, komwe magetsi otsika mtengo amachokera ku nthunzi ya pansi pa nthaka, fakitale yotchedwa George Olah inakwanitsa kusandutsa matani pafupifupi 5,500 a carbon dioxide kukhala methanol pa chaka. Kumeneko zinatheka, ngakhale kuti dziko lonse limatulutsa matani opitirira 35 biliyoni chaka chilichonse.