Kodi Mumadziwa? Filimu ya Madola 7,000

Kodi mumadziwa kuti filimu yotchuka ya El Mariachi, imene Robert Rodriguez anaijambula m'tauni ya Ciudad Acuña ku Mexico m'chaka cha 1991, ali mnyamata wa zaka 23, inangodya madola pafupifupi 7,000? Gawo lina la ndalamazo analipeza popereka thupi lake kwa akatswiri oyesa mankhwala atsopano mumzinda wa Austin, ndipo ali chigonere kumeneko analembanso nkhani ya filimuyo. Pakuti, monga ananenera makolo, walira mvula walira matope.

Popeza tepi ya 16mm inali yokwera mtengo, pafupifupi chochitika chilichonse anachijambula kamodzi kokha, ndipo poti kamera imene anabwereka inali yaphokoso, mawu a ochita sewero anawatenga padera pambuyo pake. Pofuna kuti kamera iyende mosagwedezeka, iye ankakhala panjinga ya olumala, wina n'kumamukankha, nzeru imene ine ndiiyesa yoposa zonse. Mtima wake unali pongogulitsa filimuyo pamakaseti a vidiyo kwa olankhula Chisipanishi, koma taonani, kampani ya Columbia Pictures inaigula, ndipo mu 1993 filimuyo inalandira mphotho ya oonerera pachikondwerero cha mafilimu cha Sundance.