Nsima ikayamba kukakamira kummero, thamangirani kuchipatala

Malawi ndi limodzi mwa maiko amene khansa ya kummero yafala kwambiri padziko lonse lapansi. Nthendayi imabwera mozemba. Lero nyama yakana kutsika, mawa nsima, kenaka ngakhale phala ndi madzi omwe. Munthu amangoonda, anzake mumsika n'kumanong'onezana kuti wina wamuponyera chifukwa cha geni.

Inetu ndikuti palibe ufiti apa, abale anga. Fodya ndi kachasu ndi adani odziwika. Madokotala amakayikiranso tiyi wootcha kwambiri ndi utsi wa nkhuni.

Khansayi ikapezeka msanga, opaleshoni imatheka. Dokotala amadula mbali yoonongeka ya kummero, n'kukokera chifu m'mwamba mpaka m'chifuwa, n'kulumikiza. Njira yotchuka adailongosola ndi Ivor Lewis wa ku Britain m'chaka cha 1946. Amatsegula mimba ndi chifuwa cha kumanja, poti mtsempha waukulu wochoka kumtima, wotchedwa aorta, umakhotera kumanzere.

Komatu si tonse tidaumbidwa chimodzimodzi. Pafupifupi munthu mmodzi mwa 1,000 amabadwa mtsemphawu utakhotera kumanja. Winanso mmodzi mwa anthu 100 ali ndi mtsempha wopita kumkono wamanja umene umazembera kuseri kwa kummero. Ambiri amakalamba osadziwa, poti sizipweteka. Koma tsiku la opaleshoni nkhani imasintha. Kwa amene aorta yake idakhotera kumanja, dokotala kawirikawiri amalowera kumanzere. Ndipo mpeni ukakhudza mtsempha wobisalawo, magazi ake ngovuta kuletsa.

N'chifukwa chake dokotala akati m'bale wanu ayambe wajambulidwa ndi makina a CT, musamati akungofuna kukutayitsani nthawi. Akufuna aone misewu ya m'kati asanagwire mpeni.

Chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri kwathu kuno amafika kuchipatala madzi atafika kale m'khosi. Apo opaleshoni sithekanso. Chotsala n'kuika kapaipi kummero kuti phala lizidutsa.

Ndikudziwa kuti kutseka benchi tsiku limodzi ndi ndiwo za ana zapita. Koma chakudya chikayamba kukakamira, siyirani mnzanu tomatoyo. Pitani kuchipatala, mukapemphe akutumizeni ku Gulupu ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe, akakusuzumireni kummero ndi kakamera. Mpamba umabwerera, moyo ayi.