Dimba la gulu limayamba ndi pangano: zomwe tikuona ku Chongoni

Abale ndi alongo a m'mbali mwa nyanja. Ambiri mwa inu mumadya kabichi, anyezi ndi mbatata ya kachewere zochokera ku Dedza kuno, ife nkumadya usipa wanu. Lero ndikufuna ndifotokoze m'mene dimba la gulu limayendera kuno ku Chongoni, ndi zomwe mungatengepo kwanuko. Ndinene poyambirira kuti dimba lotere kawirikawiri silifa chifukwa cha nthaka kapena mbewu. Limafa anthu akapanda kugwirizana za malo, madzi, ntchito ndi kagawidwe ka zokolola asanakhome khasu pansi.

Chongoni ndi dera la mapiri pakati pa Dedza boma ndi Linthipe. Kuno kuli nkhalango ya boma, sukulu yophunzitsa za nkhalango, ndi mapanga a zithunzi zamakedzana omwe bungwe la UNESCO lidawaika m'kaundula wake mu 2006. Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, pomwe nyanja ili pa mamita osakwana 500. Nchifukwa chake kuno kumazizira, kachewere ndi mapichesi nkumachita bwino, ndipo mu June ndi July chisanu chimatha kuwaula tomato wa m'dambo. Malo a m'dambo okhala ndi chinyontho chaka chonse ngochepa, anthu tikuchulukana. Kulima pamodzi kumabwera pamenepa: chitsime chimodzi, mpanda umodzi, nazale imodzi, thiredo pampu imodzi, mabanja ambiri.

Choyamba ndi malo. Mwini dambo akabwereketsa malo, pitani naye kwa amfumu, mugwirizane zaka zingati komanso iye azilandira chiyani. Zilembedwe, pakhale mboni. Musati "tonse ndife achibale, kulemberanji?" Kumbukirani kuti ayah yaitali kuposa zonse mu Qur'an, ya 282 mu Surah Al-Baqarah, ikukamba za kulemba ngongole ndi kuika mboni. Kulemba si kukayikirana ayi, ndi kuteteza chibale. Dambo lomwe lidali la nsenjere zokhazokha likathiridwa manyowa zaka ziwiri nkuyamba kubereka, mpamene adzukulu a mwini malo amakumbukira kuti malowo nga agogo awo.

Chachiwiri ndi kagawidwe, ndipo njira zilipo ziwiri. Ina ndi yoti banja lililonse likhale ndi mabedi ake, lizikolola zake, koma mpanda, chitsime ndi nazale zikhale za onse. Ina ndi yolima munda wonse limodzi nkugawana zotuluka. Njira yoyamba ili ndi mikangano yochepa, ndipo gulu latsopano ndimalilangiza liyambire pamenepo. Mukasankha yachiwiri, gawo la aliyense litchulidwe pa zokolola zonse, kaya theka, kaya gawo limodzi mwa magawo atatu. Mtumiki (mtendere ukhale pa iye) adachita chomwecho ndi alimi a ku Khaybar, kuti azilima nkumatenga theka la zokolola. Chomwe ma ulama amaletsa ndi kumuuza wogwira ntchito kuti malipiro ake ndi zomwe zituluke pa bedi lakumapetolo basi. Bedi limenelo likagwa matenda, munthu wakhetsa thukuta miyezi itatu pachabe.

Chachitatu ndi madzi ndi ntchito. Mu May ndi June palibe amene amakangana, madzi ali ponseponse. Nkhondo imayamba mu September ndi October chitsime chikatsika. Choncho ndondomeko yothirira ikhalepo kuyambira tsiku loyamba: awa m'mamawa ikatha Fajr, awa madzulo ikatha Asr, ndipo pampu ili ndi woisunga wodziwika. Bukhu la gulu lizilemba amene wabwera kudzamanga mpanda ndi amene sadabwere. Wodwala ndi wamaliro gulu limuthirire. Wongojomba alipire zomwe mudagwirizana. Inu a kunyanja zimenezi si zachilendo. Pa chilumba cha Mbenji ku Salima, mafumu a Makanjira akhala akutseka usodzi nyengo ya mvula kwa zaka zambirimbiri, ndipo nsomba zimapezeka chifukwa lamulo limagwira aliyense mofanana. Chitsime cha dimba chimafuna mwambo womwewo.

Tsono za kalimidwe. Bedi likhale lotambalala mita imodzi kuti muzipalira osaponda pakati. Mbande za tomato ndi kabichi zimawokeredwa zikatha milungu inayi kapena isanu pa nazale, ndipo muziwokera madzulo dzuwa litapepa. Musafese zonse tsiku limodzi. Fesani pang'onopang'ono, milungu iwiri kapena itatu iliyonse, kuti ndiwo zisathe pakhomo komanso musakathire tomato yense pa msika sabata imodzi nkugulitsa motaya. Tomato, kachewere, mabiringanya ndi tsabola ndi banja limodzi, matenda awo ndi amodzi. Pomwe pachoka tomato pabwere nyemba, anyezi kapena chimanga. M'dimba la gulu ili likhale lamulo, chifukwa chiwawu cha pa bedi la munthu mmodzi sichidziwa malire. Wopopera mankhwala auze anzake tsiku lomwe wapopera, ndipo onse adikire masiku olembedwa pa botolo asanathyole ndiwo.

Musatengere zonse za kuno. Kachewere ndi mapichesi zimafuna kuzizira, ku Mangochi, Salima kapena Nkhotakota mungotaya mbewu. Tomato, mpiru, repu, tchainizi ndi anyezi kwanuko zimakula bwino kuyambira April mpaka August. Imeneyo ndi nyengo yomwenso mwera umatsekereza mabwato pa gombe, ndiye manja a ntchito alipo. Kukatentha dalirani therere, bonongwe, nkhwani, chitambe ndi mabiringanya. Nthaka yanu yambiri ndi ya mchenga, madzi amangolowa, choncho thirani manyowa owola bwino ndipo muphimbire mabedi ndi udzu. Chaka choyamba mbewu zinayi kapena zisanu zakwana. Ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada.

Zipatso zili ndi vuto lakelake: mtengo umakhala nthawi yaitali kuposa gulu. Papaya ndi nthochi zimabereka chaka chimodzi kapena kupitirira pang'ono, koma mango a kumezanitsa amafuna zaka zitatu kapena zinayi. Musanabzale, lembani kuti gulu likadzatha kapena wina akadzatuluka, mitengoyo idzakhala ya yani. Ibzaleni m'mphepete mwa mpanda kuti mthunzi usaphimbe mabedi. Pa malo obwereka zaka zochepa, papaya ndi nthochi basi.

Pali chinanso chomwe chimatimanga pamodzi ife ndi inu. Mtsinje wa Linthipe umadutsa kuno, umalandira madzi a Diamphwe ndi Lilongwe, nkukathira m'nyanja ku Salima. Ife tikalima mpaka m'khonde mwa mtsinje, dothi lathu limatsikira kwanuko nkukakwirira miyala yomwe mpasa umaswanira. Ndiye dimba la gulu lisiye mpata m'mbali mwa madzi, pakhale bango, vetiva kapena nsenjere, ndipo mlangizi wa zaulimi akuyezereni kutalika kwake. Mpope wopopera mankhwala usatsukidwe mumtsinje kapena m'nyanja. Madzi omwewo ena akumwa, ena akuchitira wudhu.

Ambiri amafunsa za zakaat. Pa mbewu zosungika monga chimanga chouma ndi mpunga, zikakwana makilogalamu pafupifupi 650, omwe ndi matumba 13 a makilogalamu 50, zakaat ilipo. Ngati zidakula ndi mvula ndi gawo limodzi mwa magawo 10. Ngati mudathirira ndi kheni kapena pampu ndi gawo limodzi mwa magawo 20. Pa masamba ndi tomato, ma ulama ambiri kuphatikizapo Imam Shafi'i amati palibe zakaat ya zokolola, pomwe Imam Abu Hanifa amati ilipo. Koma khomo la sadaka ndi lotsegula kwa onse. Patulani bedi limodzi lomwe aliyense azithirira pa tsiku lake, ndiwo zake zizipita kwa okalamba, amasiye ndi odwala a m'mudzimo, Msilamu kapena Mkhristu.

Mvula ikamatha, itanani mabanja ochepa omwe mumawadziwa kagwiridwe kawo ka ntchito. Khalani pansi ndi mwini malo ndi amfumu, mutenge kope ndi cholembera, mulembe za malo, madzi, ntchito, kagawidwe ndi mitengo. Zikatha zimenezo mpamene mukagule mbewu. Allah adalitse ntchito ya manja anu, kumunda ndi kunyanja komwe.