Mkango wa pa kalenda: kodi cithunzi cimatiuza ciani?

AMBIRI a ife okhala kuno ku Migodi sitinaonepo mkango ndi maso. Timauona pa kalenda yopacikidwa mu sitolo, pa wailesi ya kanema, kapena pa foni ya mwana. Amai ogulitsa ku msika wa Chisokone ku Kitwe ndi ku Masala ku Ndola anakhala zaka akupinda mkango ndi kambuku m'citenje, pakuti pa ndalama zamapepala zimene zinatuluka mu 2013 panali mkango pa K5 ndipo kambuku pa K50. Koma ndi angati amene anaima n'kufunsa kuti nyamazi zatsala zingati m'dziko lathu?

Akatswiri akuti mikango yotsala m'thengo mu Africa yense ndi 20,000 kapena kupitirirako pang'ono. Akakwiyo, aja othamanga kuposa nyama zonse, amene pa Cizungu amati cheetah, anawerengedwa kuti ndi pafupifupi 7,000 mu 2016. Zambia ndi limodzi mwa maiko ocepa amene akali ndi mikango, akambuku ndi akakwiyo pamodzi. N'cifukwa cake ojambula amacokera kutali kudzagona m'cigwa ca Luangwa, ku Kafue ndi ku Liuwa.

Kuona maso a nkhono n'kudekha

Cithunzi cabwino ca kambuku sicibwera mwamwai. Kambuku ndi nyama yamanyazi, imayenda usiku, ndipo ikagwira nswala imakwera nayo mu mtengo kuopa afisi ndi mikango. Wojambula amadzuka kukali mdima kuti apeze dzuwa lofiira la m'mawa, ndipo angathe masiku osajambula kanthu. Ku South Luangwa amaloleza kuyenda usiku pa galimoto ndi nyali, ndiye cifukwa cake zithunzi zambiri za akambuku zimene dziko limadziwa zimacokera ku Mfuwe. Wojambula wina wa ku England, a Will Burrard-Lucas, anapanga kangolo kakang'ono koyendetsa ali patali, n'kumangapo kamera, kuti kayandikire mikango iye ali pabwino.

Mwambo wobwera kudzaona nyama m'malo mozipha unayamba kale kwathu kuno. Mu 1950 a Norman Carr anagwirizana ndi Mfumu Nsefu ya Akunda kuti apatule malo pamene alendo azibwera kudzaona ndi kujambula nyama, ndalama zake n'kumapita kwa anthu a mfumuyo. Caka comweco paki ya Kafue inakhazikitsidwa, ndipo dzina lake ndi la mtsinje womwewu umene umadutsa pa Kitwe.

Muziona bwino cithunzico

Mukatenga cithunzi ca mkango, yambani mwayang'ana pa mlomo. Pamene pamamera ndevu zake pali timadontho takuda, ndipo palibe mikango iwiri yofanana timadonthoti. Kambuku naye mawanga ake ndi akeake. Bungwe la Zambian Carnivore Programme, limene lili ku Mfuwe, limagwiritsa nchito zithunzi zotere pozindikira nyama imodziimodzi, kuti lidziwe imene yabala, imene yasamuka ndi imene yasowa. Anyamata operekeza alendo nawonso amapereka zithunzi zao ku nchitoyi. Mmodzi wa akatswiri amene anagwirapo nchito ku bungweli ndi a Thandiwe Mweetwa, amene bungwe la National Geographic linawalemekeza mu 2016.

Kenaka yang'anani pa khosi ndi pa miyendo. Mukaona mzere wopanda ubweya wozungulira khosi kapena m'ciuno, kawirikawiri cimeneco ndi cipsera ca msampha wa waya. Wochera msampha safuna mkango, amafuna njati, nswala kapena njiri kuti awambe nyama n'kukagulitsa m'tauni. Koma waya susankha. Mkango wamwai umapezedwa ndi asing'anga a zinyama, amaugoneka ndi mankhwala n'kudula wayayo. Wina umafera kumene kulibe kamera.

Apa nkhani yafika pa khomo pathu. Amene amagula nyama yowamba ya m'thengo mobisa ku Ndola kapena ku Kitwe amalipira amene anachera wayayo. Ndipo nswala zikatha, mkango wanjala umalowera ku makola a anthu.

Mkango umene unatsala wokha

Ku Liuwa, m'cigawo ca Kumadzulo, opha nyama mosaloledwa anatha mikango m'zaka za m'ma 1990, n'kutsala waukazi umodzi cabe. Anthu anaucha Lady Liuwa. Wojambula wa ku Namibia, a Herbert Brauer, anautsatira kwa zaka, ndipo mkangowo, posowa unzake, unayamba kumabwera kudzagona pafupi ndi msasa wao. Kanema imene anajambula inafika m'maiko ambiri, ndipo anthu amene sanamvepo za Kalabo anadziwa za Liuwa.

Bungwe la African Parks, limene linayamba kusamalira pakiyo mu 2003 mogwirizana ndi boma ndi ufumu wa Litunga, linabweretsa mikango iwiri yamphongo kucokera ku Kafue mu 2009, ndipo pambuyo pake linabweretsanso ina yaikazi. Lady Liuwa sanabale, koma anaona ana a mnzake akukula. Anafa ndi ukalamba mu August 2017, atasiya Liuwa ili ndi mikango.

Nanga mlimi?

Tisabise: mkango wokongola pa pepala ndi womwewo umene umathyola khola usiku. Mlimi wa m'mbali mwa paki akataya ng'ombe yolimira, cithunzi sicimubwezera kanthu, ndipo ena mwa ukali amathira poizoni pa mtembo wa ng'ombeyo, n'kupha banja lonse la mikango pamodzi ndi miimba. Womuweruza ali ku tauni ayambe wamva dandaulo lake. Khola lolimba ndi kutsekera ziweto dzuwa lisanalowe zimathandiza, koma cofunika kwambiri n'cakuti ndalama zimene alendo amabweretsa zizioneka m'midzi imene imagona ndi mantha.

Boma nalo lakhala likusinthasintha maganizo pa nyamazi. Mu January 2013 linaletsa kusaka mikango ndi akambuku, ponena kuti ciwerengero cake sicinali kudziwika bwino, koma mu 2015 linalengeza kuti kusakako kuyambirenso. Kuyambira mu 2016 nyama zathu zikuyang'aniridwa ndi dipatimenti ya boma ya DNPW, imene inalowa m'malo mwa ZAWA. Mkangano wa mfuti ndi kamera ukalipo. Cimene tinganene n'cakuti mkango umaphedwa kamodzi, koma wamoyo ungajambulidwe ndi alendo mazana kwa zaka khumi, ndipo aliyense amasiya ndalama kwa wophika, woyendetsa galimoto ndi mlimi wa ndiwo zamasamba.

Ife a ku Migodi tili ndi mbali yathu. Tikane nyama ya m'thengo yopanda cilolezo. Waya wa pa famu ndi zingwe zakale tisazitaye mwacisawawa. Magulu a acinyamata pa parishi ndi makopaletivu a alimi amene amasonkha ndalama za ulendo aganizireko za Kafue, pakuti mwana wa Zambia amalipira zocepa pa cipata kusiyana ndi mlendo. Ndipo mwana amene amakonda nyama timuuze kuti pa Copperbelt University ku Kitwe pali maphunziro a kasamalidwe ka nyama zakuthengo.

Caka cikatha, kalenda ya mkango ija musakutire nayo kapenta. Ipatseni ana, awerenge timadontho ta pa mlomo, ndipo muwauze kumene nyamayo imakhala.